Kampani siifa yokha, iyenela kutsekedwa mwa lamulo

Pakati pa ana athu amene anapita ku Britain pali ena amene anaphunzila za makompyuta, ndipo kwa zaka zambili akhala akugwila nchito ya kontilakiti. Iwo sanalembedwe nchito ndi munthu aliyense. Anatsegula kampani yao-yao, kampani ya munthu mmodzi, imene mwini wake ndiye dailekitala, ndiye wanchito, ndiyenso wosunga ndalama. Banki kapena kampani ina yaikulu ikafuna katswili kwa miyezi yowelengeka, imapangana ndi kakampani kameneka ndi kumalipila pa tsiku.

Masiku ano tikumva kuti ena a iwo asiya njila imeneyi ndipo alowa nchito yokhazikika ya malipilo a pamwezi. Makolo kuno kumudzi amadabwa. Amafunsa kuti, munthu angasiye bwanji kampani yake ndi kukakhala wanchito wa wina? Tiyeni tione cimene cikucititsa zimenezi, ndiponso cimene munthu wotele ayenela kucita ndi kampani imene waisiya.

Kale, ubwino wa kampani yotele unali pa msonkho. Mwini wake anali kudzilipila malipilo ocepa, ndipo ndalama zotsala anali kuzitenga monga phindu la masheya, limene msonkho wake unali wopepuka. Boma la Britain linaona kuti ena mwa anthu amenewa anali anchito eni-eni amene anangovala dzina la kampani. Motelo m'caka ca 2000 linakhazikitsa lamulo lodziwika ndi dzina lakuti IR35. Lamuloli likuti ngati kagwilidwe kanu ka nchito kali ngati ka munthu wolembedwa, mulipile msonkho ngati wolembedwa.

Poyamba mwini kampani ndiye anali kudziweluza yekha ngati lamuloli likumukhudza kapena ai. Zinthu zinasintha mu April 2017 ku mabungwe a boma, ndipo mu April 2021 zinasinthanso ku makampani apakati ndi aakulu amene si a boma. Kuyambila pamenepo, wopeleka nchito ndiye amagamula. Makampani ambili, poopa milandu ya msonkho, anayamba kuika anthu a kontilakiti pansi pa lamuloli. Mu September 2022 nduna ya zacuma Kwasi Kwarteng analengeza kuti adzabweza kusinthaku, koma mwezi wotsatila Jeremy Hunt amene anamulowa m'malo anakana. Pamwamba pa zimenezi, phindu la masheya limene munthu angatenge popanda msonkho linatsika kucoka pa mapaundi 5,000 m'caka ca 2016 kufika pa mapaundi 500 cabe m'caka ca 2024.

Apa ndiye pagona nkhani. Munthu amene waikidwa pansi pa IR35 amadulidwa msonkho ngati wanchito, koma lamulo la msonkholi silimpatsa ufulu wa wanchito. Akadwala, tsiku limenelo lapita. Kontilakiti ikatha, amakhala panyumba kudikila ina. Pamene wolembedwa nchito yokhazikika, wogwila masiku 5 pa sabata, ali ndi masiku 28 a chuti colipilidwa pa caka, ndipo womulemba amamuikilako ndalama ku penshoni, zosacepela 3 pa 100 ya gawo la malipilo limene lamulo limawelengela. Ndalama ya pamwezi ingakhale yocepa poyelekeza ndi ija ya patsiku, koma munthu wa banja, wa nkhongole ya nyumba, amagona tulo podziwa kuti mwezi ukatha adzalandila. Sitinganene kuti munthu wotele wabwelela m'mbuyo. Wangowelengela bwino.

Koma pali cinthu cimodzi cimene ambili amaiwala. Pamaso pa lamulo, kampani ndi munthu payokha. Ili ndi dzina lake, ndalama zake ndi nkhongole zake. Ndalama zili mu akaunti ya kampani si za dailekitala, ngakhale kuti ndiye anazikhetsela thukuta. Ndipo kampani siifa cifukwa cakuti mwini wake wapeza nchito kwina. Malinga ngati dzina lake lili m'kaundula wa Companies House, iyenela kupeleka malipoti ake caka ciliconse. Kucedwa kupeleka lipoti la zacuma kuli ndi cindapusa coyambila pa mapaundi 150 mpaka 1,500.

Conco munthu wolowa nchito yokhazikika ali ndi njila zitatu.

Njila yoyamba ndiyo kuigoneka kampaniyo, osaipha. Imakhala m'kaundula koma siicita malonda alionse. Njila imeneyi ndi yabwino kwa munthu amene akali kukayika ngati nchito yatsopano idzamukomela. Koma kampani yogona nayonso imafuna malipoti caka ndi caka, ndipo a msonkho, amene kumeneko amawacha HMRC, ayenela kuuzidwa.

Njila yaciwili ndiyo kupempha kuti dzina la kampani lifafanizidwe m'kaundula, pogwilitsa nchito fomu ya DS01. Kuti pempholi liloledwe, kampani iyenela kukhala kuti sinacite malonda kapena kusintha dzina kwa miyezi 3. Masiku 7 asanathe kucokela pamene mwapeleka fomu, muyenela kutumiza kope lake kwa onse okhudzidwa: amene kampani ili nao nkhongole, anchito ngati alipo, ndi eni masheya. Pambuyo pake cidziwitso cimatuluka m'nyuzipepala ya boma ya Gazette, ndipo ngati palibe wotsutsa pa miyezi 2, kampani imafafanizidwa.

Pano tikucenjeza kwambili. Tsiku limene kampani yafafanizidwa, akaunti yake ya ku banki imatsekedwa, ndipo ciliconse cotsala, kaya ndalama kaya katundu, cimapita m'manja mwa boma la Mfumu. Lamulo limachula katundu wotele ndi mau a Cilatini akuti bona vacantia, kutanthauza katundu wopanda mwini. Kuti mubweze ndalamazo, kawili-kawili pamafunika kuukitsa kampaniyo kudzela kukhoti, ndipo zimenezo zimadya nthawi ndi ndalama. Ndiye dongosolo lake ndi ili: yambani mwatolela zonse zimene anthu ali nazo nkhongole kwa inu, lipilani msonkho wa kampani womaliza, tsekani kaundula wanu wa VAT ndi wa PAYE, lipilani nkhongole zonse, tulutsani zotsala, ndipo pomalizila pake pelekani fomu.

Palinso malile a mapaundi 25,000. Ngati ndalama zimene mukugawana potseka kampani mwa njila imeneyi sizipitilila pamenepo, zimawelengedwa ngati phindu la cuma, limene nthawi zambili msonkho wake ndi wocepa. Zikapitilila, zonse zimawelengedwa ngati phindu la masheya, osati zapamwamba zokha ai. Tiyelekeze munthu amene ali ndi mapaundi 26,000 m'kampani: mapaundi 1,000 apamwambawo angasinthe msonkho wa ndalama yonse.

Njila yacitatu ndi ya amene ali ndi ndalama zoculuka m'kampani. Imachedwa Members' Voluntary Liquidation. Dailekitala amalumbila kuti kampani ikhoza kulipila nkhongole zake zonse pasanathe miyezi 12, ndipo amaitana katswili wovomelezedwa ndi lamulo kuti atseke kampaniyo ndi kugawa cuma. Katswiliyo amalipilitsa, koma ndalama zonse zimawelengedwa ngati phindu la cuma. Amene akwanilitsa zofunika angapezenso cipepuko ca msonkho cochedwa Business Asset Disposal Relief. Msonkho wake unali 10 pa 100 mpaka April 2025, pamene unakwela kufika pa 14, ndipo boma linaika 18 kuyambila April 2026. Koma pali msampha. Lamulo la 2016 likuti munthu akatseka kampani mwa njila imeneyi, ndi kuyambanso malonda ofanana zaka 2 zisanathe ndi colinga cozemba msonkho, ndalama zija zidzawelengedwa ngati phindu la masheya. Motelo munthu ayambe wadzifunsa moona mtima ngati wasiyadi nchito ya kontilakiti.

Ena amaganiza kuti kufafaniza kampani ndi njila yothawila nkhongole. Iai. Amene muli nao nkhongole angatsutse pempho lanu, ndipo HMRC imatelo kawili-kawili. Kubisa pempholo kwa iwo ndi mlandu. Kuyambila 2021, boma lili ndi mphamvu yofufuza madailekitala a makampani amene anafafanizidwa kale, ndipo wopezeka wolakwa angaletsedwe kukhala dailekitala mpaka zaka 15. Ngakhale mutatseka bwino, sungani mapepala a kampani, monga malisiti ndi masitetimenti a ku banki, kwa zaka 7. Nkhongole ndi nkhongole, ngakhale kampani ikhale ya munthu mmodzi.

Ife a kuno kwathu tisaganize kuti nkhaniyi ndi ya kutali cabe. Ambili analembetsa makampani ku PACRA pofuna nchito za matenda a boma kapena makontilakiti, ndipo atapeza nchito yokhazikika anaponya mapepala m'sutukesi. Malamulo athu ndi osiyana ndi a ku Britain, koma mfundo ndi imodzi: kampani yolembetsedwa iyenela kupeleka lipoti lake ku PACRA caka ciliconse, ndipo ku ZRA dzina lake silizimilila lokha. Pitani mukafunse ku maofesi amenewa. Akulu anati safunsa anadya phula.

Kwa inu makolo amene mwana wanu wakuuzani kuti wasiya kontilakiti, musamudandaule ngati ndalama imene amatumiza yacepako. Mufunseni cabe mafunso awili: kodi nkhongole za kampani walipila zonse, ndipo kodi ndalama wazitulutsa asanapeleke fomu? Akayankha kuti inde pa onse awili, ndiye kuti watseka citseko bwino.