Musanachotse kadontho kakuda ka pakhungu, tiyambe takaona

Mtsikana wina analowa m'chipinda changa chopimira ataphimba tsaya ndi mpango. Kunali kutatsala miyezi iwiri kuti amange ukwati. Atavundukula, ndinaona bala lonyowa, lalikulu ngati ndalama yachitsulo ya K10. "Adokotala, kanali kadontho kochepa ngati njere ya mapira," anatero misozi ikulengeza. "Mnzanga anati ndizidonthezapo utomoni wa nkhadze usiku uliwonse." Balalo tinalichiza, koma chipsera chimene chinatsala ndi chachikulu kuposa kadontho kamene kankamusowetsa mtendere kaja.

Pantchito yanga yosamalira khungu, pempho loti "ndichotseni aka" ndimalimva pafupipafupi. Sindilipeputsa, chifukwa nkhope ndi ya mwini wake. Koma ndisanagwire chida chilichonse, ndimayamba ndadziwa chimene ndikufuna kuchotsacho.

Khungu lathu lili ndi maselo opanga melanin, utoto umene umatipatsa kuda kwathuku. Maselowa amamwazikana thupi lonse, koma pena amaunjikana malo amodzi, ndipo mulu umenewo ndiye kadontho kamene mumakaonako. Tina timabadwa nato, tambiri timatuluka paubwana ndi paunyamata, ndipo mayi akakhala woyembekezera timatha kuderako. Unyinji wa timadontho timeneti sitivulaza munthu mpaka kukalamba.

Si chakuda chilichonse chimene chili kadontho kotere. Njerewere zimabwera ndi kachilombo ndipo zimafalikira. Tinjere tambirimbiri timene timamera m'masaya, m'mbali mwa maso ndi m'khosi mwa anthu akuda akamakula, ngati timene tili pankhope ya katswiri wa mafilimu Morgan Freeman, timatitcha dermatosis papulosa nigra. N'takumtundu ndipo sitisanduka khansa. Koma mawanga akuda kapena ofiirira otuluka m'miyendo, makamaka mwendo ukamatupa, amatha kukhala khansa ya Kaposi, imene ndi yofala kwathu kuno, kwenikweni pakati pa anthu amene ali ndi HIV. Zonsezi pamaso pa munthu wamba zimafanana, koma chithandizo chake n'chosiyana.

Chimene ndimasaka kwambiri ndi khansa yotchedwa melanoma. Ndimaona ngati mbali imodzi ya kadontho ikusiyana ndi inzake, ngati m'mphepete mwake muli mokhotakhota, ngati kali ndi mitundu ingapo, komanso ngati kapitirira mamilimita 6, kukula kwa labala wa kumapeto kwa pensulo. Chachikulu pa zonse ndi kusintha: kukula, kuyabwa, kutuluka magazi kapena kusanduka chilonda chosapola. Ambiri amati khansa ya pakhungu ndi ya azungu ndi abale athu achialubino okha. Zoona, kwa munthu wakuda siichulukira, koma ikabwera imakonda kubisala kumene melanin ndi wochepa: pansi pa phazi, m'chikhatho ndi kunsi kwa chikhadabo. Bob Marley anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 36 chifukwa cha melanoma imene inayambira pachala chakuphazi.

Tikatsimikiza kuti kadontho kachotsedwe, njira zilipo zingapo, ndipo zambiri zimayamba ndi jakisoni wochititsa dzanzi pamalo okhawo. Munthu amakhala ali maso, tikucheza, ndipo amabwerera kunyumba tsiku lomwelo.

Kadontho kotumphuka kosakayikitsa timangokameta ndi kampeni mpaka kafanane ndi khungu. Sitisoka, bala limapola lokha, koma popeza mizu imatsala, nthawi zina kamaphukanso. Kokayikitsa, kapena kozama, timakadula konse pamodzi ndi kakhungu kabwino kozungulira, n'kusoka. Ulusi wa kunkhope timachotsa pakapita masiku 5 mpaka 7, wa kumsana ndi m'miyendo masiku 10 mpaka 14. Kanyama kamene tadulako timakaika m'kabotolo ka mankhwala n'kukatumiza ku labotale, kumene amakapima ndi maikulosikopu. Kumeneko ndi kumene timamva zoona zake zenizeni.

Tinjere ta m'masaya tija timatiwotcha ndi kansonga ka magetsi, timapanga nkhanambo n'kuyoyoka patapita masiku. Njerewere timaziumitsa ndi nayitrojeni wamadzi, wozizira madigiri 196 pansi pa ziro. Pakhungu lakuda timasamala nayo njirayi, chifukwa maselo a melanin amafa msanga ndi chisanu ndipo pamatsala banga loyera. Palinso kuwala kwa laser, kumene anthu amakufunsa kwambiri masiku ano. Vuto la kuwotcha, kuumitsa ndi laser ndi limodzi: sipatsala kanthu kotumiza ku labotale. Kadontho kakakhala ka khansa, pamwamba pamayera koma nthenda imapitirira kudya kunsi. N'chifukwa chake kadontho kokayikitsa sindikawotcha.

Wodwala aliyense ndimamuuza chilungamo: walira mvula walira matope. Pochoka kadontho pamatsala chipsera, kaya chaching'ono bwanji. Khungu lakuda limakondanso kupanga chipsera chofufuma, cholimba ndi choyabwa, chimene chimakula kupitirira bala lenilenilo, makamaka pachifuwa, m'mapewa, kumsana ndi m'makutu. N'chifukwa chake ndimafunsa kuti, "Mutaboola makutu panatupa? Nanga mphini kapena mabala akale anapola bwanji?" Yankho likandidetsa nkhawa, ndipo kadonthoko kali kabwinobwino, ndimalangiza kuti tikasiye.

Lezala, ulusi womanga, soda, asidi wa m'batire ndi timabotolo totsatsidwa pa Facebook ndi WhatsApp, zonsezi zandibweretsera mabala amafinya ndi zipsera zosafufutika. Mu 2022 bungwe la FDA ku America linachenjeza makampani ogulitsa mankhwala ochotsera timadontho amene sanavomerezedwe. Utomoni wa nkhadze ukalowa m'diso, umatha kuliwononga. Safunsa anadya phula. Yambirani kuchipatala cha kwanuko, ndipo pakafunika adzakutumizani ku kiliniki ya khungu, monga ya ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Amene sachoka m'maganizo mwanga ndi agogo ena aamuna, mlimi, amene anabwera ndi banga lakuda kuchidendene. "Mwanawe, inandibaya ndi minga kumunda," anatero. Mingayo inali ya zaka ziwiri zapitazo, ndipo pofika tsikulo m'mphechepeche munali mutatupa kale mwanabere. Akanabwera banga lidakali laling'ono, kudula ndi kusoka kukanatha kuwapulumutsa.

Kadontho ka patsaya mumakaona pagalasi tsiku lililonse, koma kuphazi ndi ochepa amene amayang'anako. Usiku uno mukasamba, khalani pansi mutembenuze phazi pamene pali kuwala, muyang'ane pakati pa zala ndi m'zikhadabo. Mukatero, kawaoneninso mapazi makolo anu amene maso ndi msana sizikuwalolanso kudziona okha. Mukapeza banga lachilendo, musalikhudze ndi lezala. Bwerani nalo, tilionere limodzi.