Kodi wailesi yochenjeza za ngozi ilipirenso msonkho?

Ife amene timakhala kufupi ndi madamu a Kamuzu ku Malingunde tikudziwa kuti mvula ikagwa kwambiri ku Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umachokera, madzi safunsa kuti mwakonzeka kapena ayi. Uthenga wofika msanga ndi umene umapulumutsa munthu wofuna kuoloka mtsinje kapena wogona kudimba. Koma foni ya m'manja imafuna mayunitsi, imafuna batire, ndipo magetsi akathima nthawi yaitali nayonso netiweki imatha. N'chifukwa chake wailesi idakali yofunika, kaya ndi ya m'dera youlutsa mawu, kaya ndi ija ya m'manja yolankhulirana imene ena amati ova-ova.

Mafunde amene mawu a wailesi amadutsamo ndi chuma cha dziko, ndipo ndi owerengeka. Anthu awiri akaulutsa pa mafunde amodzi, mawu awo amasokonezana. Motero lamulo la za mauthenga la 1998 lidakhazikitsa bungwe la MACRA kuti lizigawa mafundewa ndi kupereka ziphaso. Lamulo latsopano la 2016 lidapitiriza ntchitoyi, n'kukhazikitsanso thumba la Universal Service Fund lothandiza kufikitsa mauthenga kumadera akutali. Wolandira chiphaso amalipira ndalama chaka ndi chaka.

Kwa kampani ya mafoni monga TNM kapena Airtel, kulipira n'koyenera, pakuti imapeza phindu kudzera m'mafundewo. Funso lathu likukhudza amene sapeza kanthu. Tiyerekeze kuti komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ku Mitundu yapeza mawailesi angapo kuti izichenjezana ndi anzawo a ku Malingunde ndi ku Nathenje. Anthuwa ndi odzipereka, sagulitsa uthenga, salandira malipiro. Ndalama ya chiphaso aitenga kuti? Kawirikawiri wopereka thandizo amagula zipangizo n'kunyamuka, ndipo chotsala ndi kusonkherana kwa alimi amene kale akuvutika kugula feteleza.

Kuti ndalamazi zingathe kutseka wailesi tidaona mu 2022, pamene MACRA idalanda ziphaso za nyumba zingapo zoulutsira mawu ndi kanema chifukwa cha ngongole. Panthawiyo ndalamazo zinkawerengedwa m'madola a ku America, chonsecho kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi chaka chomwecho, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ngati nyumba zokhala ndi otsatsa malonda zidalephera, nanga kagulu ka kumudzi? Ndipo pakati pa zaka ziwirizi, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy adapha anthu mazanamazana kuchigawo cha kummwera, n'kuononga misewu ndi nthambo za magetsi.

Maiko ena adaliona kale vutoli. Pangano la Tampere, limene lidasainidwa ku Finland mu 1998 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2005, limapempha maboma kuchotsa zopinga pa zipangizo za mauthenga zothandizira pa nthawi ya ngozi.

Komabe tisasokoneze zinthu ziwiri. Kukhululukira msonkho sikuthetsa chiphaso. Gulu lililonse liyenerabe kulembetsa ndi kupatsidwa mafunde ake, kuopa kuti lingasokoneze mauthenga a apolisi kapena a ndege za ku Kamuzu International Airport. Pali nkhawa inanso yomveka: wamalonda wochenjera akhoza kudzitcha wothandiza anthu pofuna kuzemba kulipira. Ife tikuona kuti mankhwala ake ndi osavuta. Gulu lopempha chikhululukiro likhale lodziwika kwa mafumu, kukhonsolo ya boma la Lilongwe ndi kunthambi ya DoDMA, lisamaulutse malonda, ndipo liziunikidwa chaka chilichonse. Ndalama zochepa zimene MACRA ingataye pa magulu otere zingathe kubwezedwa kuchokera m'thumba lija la 2016, pakuti cholinga chake n'chomwecho, kufikira anthu amene amalonda sawafikira.