Ufuna kugula nyumba ku Chama? Yamba wafunsa kuti malo ndi a ndani

Mwezi ukamapita kumapeto, ba landilodi amayamba kukupatsa moni kawiri pa tsiku. Usiku ukagona masamu amabwera okha: renti yonse imene ndalipira zaka izi sikanakwana nyumba yanga? Kwa aphunzitsi, manesi ndi apolisi amene boma linawatumiza ku Chama, masamu amenewa amafika msanga, chifukwa mtengo wa nyumba kumeneko, munthu wozolowera mitengo ya ku Lusaka akaumva, amayesa wogulitsa waiwala ziro. Palinso ana a komweko amene ali m'tauni ndipo afuna pofikira akapita kwawo, ndi a bizinesi ya mpunga amene atopa kugona m'malo a alendo nyengo yokolola.

Maganizowo ndi abwino, usawataye. Koma dziwa kuti ogula koyamba ambiri amathera mphamvu poyang'ana malata, penti ndi matailosi, pamene chimene chidzawalize chili pansi pa nyumbayo ndi m'mapepala ake. Funso loyamba ndi ili: malo amene nyumbayi yakhalapo ndi a mtundu wanji, ndipo amene akugulitsayo ali ndi mphamvu yogulitsa?

Malo a mfumu, malo a boma

Lamulo la malo la 1995 limati nthaka yonse ya mu Zambia ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse. Pansi pake pali mitundu iwiri: malo a boma, amene munthu amapatsidwa pa lizi yofika zaka 99 n'kukhala ndi taito, ndi malo a makolo amene amayang'aniridwa ndi mafumu. Ku Chama malo a boma ndi ochepa, makamaka pa boma penipeni pamene pali khonsolo. Ukangotuluka pang'ono uli kale m'dziko la mafumu a Asenga, a Kambombo, a Tembwe, a Chikwa, a Chifunda ndi ena. Malire ake alibe chikwangwani. Nyumba ziwiri zitha kuoneka zofanana, msewu umodzi, koma ina ili ndi nambala ya puloti, ina ili m'mudzi.

Mphunzitsi wina wachinyamata anatenga loni yodula pa malipiro n'kugula nyumba ya zipinda zitatu kunja pang'ono kwa boma. Wogulitsa anamupatsa kalata ya a hedimani, ya chidindo bwinobwino, mboni ziwiri zinasaina. Patapita chaka anapita kubanki kuti abwereke ndalama zokulitsira nyumbayo. Anamuuza mwaulemu kuti kalata ya a hedimani si chikole. Asanamalize kudandaula zimenezo, kunafika mphwake wa wogulitsa uja kuchokera ku Lundazi. Ati, “Aphunzitsi, amalume anapatsidwa malo awa kuti akhalepo chabe. Ndi a banja. Inu munagula njerwa, nyamulani njerwa zanu.” Loni ikudulidwabe mwezi ndi mwezi, mlandu uli kwa mfumu.

Malo a makolo si oipa, anthu ambiri amakhalapo mwamtendere moyo wawo wonse. Koma pa mwambo munthu amapatsidwa malo, ndipo banja lake limakhala ndi mawu. Choncho ngati nyumba ili m'mudzi, kumana ndi abale a wogulitsa, akulu ndi alongo omwe, ndipo nkhani ikafike kwa mfumu yaikulu, isathere kwa a hedimani. Ukafuna taito pa malo otere, njira yake ndi iyi: chilolezo cholembedwa cha mfumu, chivomerezo cha khonsolo, mapu a malowo, kenaka Commissioner of Lands. Pali chinanso cha ku Chama: mbali yaikulu ya bomali ili mu Musalangu Game Management Area, ndipo m'malo otere a zanyama zakutchire nawonso ayenera kufunsidwa malo asanasinthidwe. Zimenezi zimatenga nthawi. Wogulitsa akakuuza kuti “taito mudzatenga chabe, ni sabata imodzi”, mufunse chifukwa chake iye sanatenge zaka zonsezi.

Offer letter si taito

Manje tibwere pa boma, pa malo a khonsolo. Apa pepala limene udzaonetsedwe kawirikawiri ndi offer letter. Kalata imeneyi imangonena kuti boma lalola kupatsa munthu malowo akakwaniritsa zofunika, monga kulipira ndalama zake ndi kumanga m'nthawi yoikika. Ngati sanakwaniritse, malo atha kulandidwa n'kupatsidwa wina. Komanso pepala limalowa m'makina a fotokope. Nesi wina ndi wamalonda wina anakumana pa geti imodzi Loweruka m'mawa, wina ali ndi ndowa za penti, wina ali ndi loko watsopano, aliyense ali ndi kope ya offer letter yomweyo. Wogulitsa foni inali itazima kale.

Mankhwala ake ndi kufufuza ku Ministry of Lands usanatulutse ngwee. Tenga nambala ya puloti, ukafunse kuti dzina lolembedwa ndi la ndani, ngati malowo ali pa chikole kubanki, ndiponso ngati wina anaikapo caveat, chimene ndi chiletso choti malo asagulitsidwe chifukwa pali mkangano. Dzina limene latuluka lifanane ndi la pa reji ya munthu amene waima pamaso pako. Ngati ati akugulitsira mkulu wake amene ali ku Kitwe, aonetse chikalata chomupatsa mphamvu, ndipo iwe ulankhule ndi mwiniwakeyo.

Kumbukiranso kuti Chama yayenda. Mu 2011 inachotsedwa ku Eastern Province n'kuikidwa ku Muchinga, kumene likulu lake ndi Chinsali, ndipo mu 2021 inabwezedwa ku Eastern. Choncho ngati mapepala a nyumba anayamba kuyenda m'zaka za pakatizo, funsa msanga kukhonsolo kuti faelo yake ili kuti, usanawononge ndalama ya basi. Amene anayendapo msewu wa Chama kupita ku Lundazi mpaka ku Chipata adziwa kuti si ulendo wobwereza kawiri chifukwa cha pepala limodzi loiwalika.

Nyumba ya malemu

Nyumba zotsika mtengo kwambiri nthawi zambiri zimakhala ndi maliro kumbuyo kwake. Bambo amwalira, wachibale mmodzi asankhidwa kukhala administrator, ndipo iye ayamba kuyenda ngati mwini. Lamulo la chuma cha masiye la 1989 limagawa chuma cha munthu womwalira wopanda wilo motere: 20 peresenti kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 kwa ana, 20 kwa makolo, 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Nyumba yokhalamo imakhala ya wamasiye ndi ana, ndipo wamasiyeyo ali ndi ufulu wokhalamo mpaka atamwalira kapena kulowanso m'banja. Administrator sangagulitse katundu wa malemu popanda chilolezo cha khoti.

Mnyamata wina wa ku Lusaka anagula nyumba yotere kwa “amalume a ana”. Atafika ndi katundu pa galimoto anapeza mayi wamasiye akuphika pakhonde, ana akusewera. Mayiwo sanakweze mawu. Anangofunsa kuti, “Mwana wanga, amene anakugulitsa anakuuza kuti ife tipite kuti?” Funso limenelo likadafunsidwa kale, ndi wogulayo. Ukangomva kuti mwini nyumba anamwalira, pempha kuona kalata yosankha administrator ndi chilolezo cha khoti, ndipo ukhale pansi ndi wamasiye ndi ana akuluakulu.

Ndalama zimene sizili pa mtengo

Wogula koyamba amasunga ndalama yokwana mtengo wa nyumba basi, n'kuyesa wamaliza. Pa nyumba ya taito pali msonkho wosinthira umwini wopita ku ZRA, umene kuyambira Januwale 2025 uli pa 8 peresenti. Pa nyumba ya K200,000 ndiye K16,000. Mwa lamulo wolipira ndi wogulitsa, koma ambiri amayamba kuiwala akangolandira ndalama yonse, ndipo popanda msonkhowo dzina lako silingalowe pa taito. Pamafunikanso chilolezo cha boma chosinthira malo, chimene sichituluka ngati ground rent ili ndi ngongole. Onjezapo loya, saveya ngati malo sanapimidwe, msonkho wa khonsolo umene mwini wakale anasiya, ndi bilu ya madzi imene imatsala pa mpopi munthu akasamuka.

Zonsezi zilembedwe m'pangano: ndani alipira chiyani, liti. Usalipire zonse kamodzi. Gawo loyamba posaina, lotsala mapepala akatuluka, ndipo ndalama idutse kubanki kuti pakhale umboni. Ndalama ya m'chikwama yoperekedwa pansi pa mtengo wa mango ilibe mboni ikafika kukhoti.

Ukaione nthawi ya mvula

Chama ili m'chigwa cha Luangwa, ndipo mpunga umene umatchuka mpaka m'misika ya ku Lusaka umakula chifukwa madzi amaima m'madambo. Madzi amenewo sasankha kuti apa ndi munda, apa ndi pabalaza pa munthu. Mu Okutobala malo onse amaoneka ouma ndi okongola. Mu Febuluwale ndi pamene umadziwa nyumba imene inamangidwa m'njira ya madzi. Ngati sungadikire dzinja, yang'ana m'munsi mwa khoma ngati muli mzere wa chinyezi kapena penti yatsopano yofika m'mawondo chabe. Ona chimbudzi ngati chinayamba chatitimira. Kwera uone mitengo ya denga, chiswe sichibisala kwa munthu wogogoda. Pala pang'ono pulasitala pakona, udziwe ngati njerwa ndi zootcha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo pita wekha kwa aneba, wopanda wogulitsa. Amayi ogulitsa tomato pafupi adziwa ngati madzi amalowa, adziwa amene anabwerapo kale kudzaona nyumbayo, adziwanso ngati mpanda unasunthidwa usiku. Pempha wogulitsa akuonetse mabikoni anayi a puloti. Ngati awiri “anachotsedwa ndi ana”, itana saveya usanasaine.

Ba agent a pa foni

Iwe amene uli ku Lusaka kapena ku Copperbelt, msampha wako uli m'manja mwako momwemo. Zithunzi zabwera pa WhatsApp, nyumba yowala, mtengo wokoma, kenaka uthenga: “Bosi, tumizani kadepoziti pa mobile money, pali wina abwera mawa ni cash.” Munthu wobwera mawayo alipo pa nyumba iliyonse yogulitsa mu Zambia muno, ndipo sanafikepo. Ma agent ovomerezeka amalembetsa ku Zambia Institute of Estate Agents, ndipo kufunsa nambala yake si mwano. Ngakhale agent akhale msuweni wako, nyumba imene sunaipondepo usailipirire. Ngati ntchito yakugwira, tuma munthu amene sadzalandirapo kanthu pa malondawo.

Choncho ukatsika basi pa Chama, usathamangire kukaona mtundu wa matailosi. Yamba kukhonsolo ndi nambala ya puloti, kapena kwa mfumu ngati malo ndi a m'mudzi. Ukatero kumana ndi banja la wogulitsa, fufuza ku Lands, yendera aneba, lemba pangano ndi loya, ndipo pomaliza pake ndi pamene utsegule chikwama. Wogulitsa woona sakwiya ndi mafunso, amakutengera yekha kumaofesi. Amene wayamba kutukwana chifukwa wapempha kuona reji yake, muthokoze, ukwere basi, ukalipire renti mwezi winanso ndalama yako ili m'thumba.