Chingerezi timachidziwa, nanga bwanji tikulephera mayeso ake?

 Sabata ino ndati tikambirane za mayeso a Chingerezi, chifukwa nthawi zambiri tikaweruka ku tchalitchi pamakhala wina wondikokera pambali n'kundifunsa kuti, "Achemwali, kodi inu munakhoza bwanji?" Ambiri amafunsa monong'ona, ngati kulephera mayesowa ndi mlandu. Ndiye ndiyambe ndi kuulula kuti inenso ulendo woyamba ndinalephera.

Munali mu 2019. Kumudzi ndinali namwino, koma kuno ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba, mashifiti a usiku, chifukwa bungwe la NMC, lomwe limalembetsa anamwino ndi azamba, limafuna kaye umboni wakuti munthu amatha Chingerezi. Pa IELTS limafuna 7 pa kumvetsera, pa kuwerenga ndi pa kuyankhula, ndipo kumapeto kwa 2018 linayamba kulola 6.5 pa kulemba. Ine ndinapita ku mayeso ndi mtima wakuti, "Aaa, Chingerezi chomwechi? Si ndinakhoza bwino pa MSCE, ndipo ku koleji zonse tinkaphunzira m'Chingerezi?" Zotsatira zitabwera, kuwerenga ndinapeza 6, kuyankhula 6.5. Ndalama ya mashifiti awiri athunthu inangolowa m'madzi, ndipo ndinapitiriza ntchito ya malipiro ochepa pamene setifiketi yanga ya unamwino inali m'sutikesi.

Mwina mukudabwa kuti n'chifukwa chiyani amatilembetsa mayeso pamene kwathu Chingerezi ndi chiyankhulo cha boma. Nkhani yake ndi yakuti Home Office ili ndi mndandanda wa maiko amene imati anthu ake ambiri amayankhula Chingerezi, monga Australia, Jamaica ndi United States. Malawi, Zambia ndi Zimbabwe palibepo. Tingadandaule mpaka mawa, koma lamulo ndi limenelo.

Chimene ndinaphunzira pa kulephera kwanga ndi ichi: mayesowa safunsa ngati Chingerezi uli nacho m'mutu. Amafuna kuona ngati ungachitulutse pakamwa ndi kuchiwerenga msanga, wotchi ikuyenda. Ife cha m'mutu tili nacho chambiri. Chimene timasowa ndi kuyeserera.

Tiyambe ndi kuyankhula. Pa IELTS gawo limeneli limatenga mphindi 11 mpaka 14, uli wekha ndi woyesa, ndipo zonse amazijambula. Poyamba amakufunsa za iwe mwini: kumene umakhala, ntchito, banja, zakudya. Kenaka amakupatsa kakhadi kokhala ndi mutu, n'kukupatsa mphindi imodzi yokonzekera, ndipo uyankhule wekha mpaka mphindi ziwiri. Pomaliza mumakambirana mozama nkhani zogwirizana ndi mutu uja. Woyesa amayang'ana zinthu zinayi: ngati mawu akuyenda bwino mosadukaduka, kuchuluka kwa mawu amene ukudziwa, galamala, ndi katchulidwe.

Apa ndi pamene ulemu wathu umatipweteketsa. Tinaleredwa kuti wamkulu akafunsa uyankhe mwachidule, motsitsa mawu, maso pansi. Ine atandifunsa ngati ndimakonda kuphika ndinangoti "Yes, I do", basi, n'kudikira funso lina. Nanga woyesa apereka malikisi pa chiyani? Muzizoloweretsa pakamwa kuyankha katatu pa funso limodzi: yankho, chifukwa chake, ndi chitsanzo. Inde ndimakonda kuphika, chifukwa kumandikumbutsa kwathu, ndipo Loweruka lapitali ndinaphika nsima ndi chambo chouma chimene mlamu wanga anabweretsa. Mwatero mwagwiritsa kale ntchito nthawi ya tsopano ndi nthawi yakale, osadziwa n'komwe.

Chachiwiri, pali timisampha timene Chichewa chathu chimatitchera. M'Chichewa "iye" ndi mwamuna kapena mkazi yemwe, ndiye tikathamanga timapezeka tanena "my husband, she". Komanso l ndi r kwa ife ndi amodzi, koma m'Chingerezi "collect" ndi "correct" ndi mawu awiri osiyana, chimodzimodzi "play" ndi "pray". Ife tili ndi mavawelo asanu okha, n'chifukwa chake "live" ndi "leave" timawatchula mofanana. Ndipo popeza mawu athu onse amathera ndi vawelo, timakonda kuwonjezera "i" kumapeto, "and" n'kukhala "andi". Musandimve molakwa: safuna kuti muziyankhulira m'mphuno ngati munabadwira ku London. Kayankhulidwe ka kwanu sakuchotserani nako malikisi, bola mawu azimveka bwino.

Mankhwala ake ndi foni yanu yomweyo. Ine ndinkadzijambula tsiku lililonse kwa mphindi ziwiri, pa mutu uliwonse umene wabwera: munthu amene anandithandiza, ulendo wa pa basi, msika wa kwathu. Kenaka ndinkamvetsera ndili ndi cholembera m'manja. Tsiku loyamba ndinachita manyazi ndekha. Ma "eeh" anali mbwee, ndipo zonena zinandithera pa masekondi 40. Patatha mwezi ndinkafika mphindi ziwiri mosavuta. Ndinapezanso mnzanga wa ku Zambia amene ankakonzekera mayeso omwewo, ndipo Lachitatu lililonse tinkaimbirana, wina n'kukhala woyesa. Paja mutu umodzi susenza denga. Ndipo inu amene muli ndi ana a sukulu za kuno, muli ndi aphunzitsi aulere m'nyumba. Mwana wanga ankandiseka, koma ndi iye amene anandiwongola pa "he" ndi "she".

Chinthu chimodzi musachite: kuloweza mayankho. Oyesa anaphunzitsidwa kuzindikira yankho loloweza, ndipo akangosintha funso pang'ono mumasowa pogwira.

Tsopano kuwerenga, kumene kunandigwetsa kwambiri. Pa IELTS Academic pamakhala nkhani zitatu zazitali, mawu onse pamodzi oposa 2,000, mafunso 40, mphindi 60. Kuti upeze 7 umafunika kukhoza mafunso pafupifupi 30. Kusukulu anatiphunzitsa kuwerenga liwu ndi liwu, ndipo tikakumana ndi liwu lachilendo timaima. Ine ndinatero, ndipo nthawi inatha ndisanafike pakati pa nkhani yachitatu. Njira yabwino ndi iyi. Nkhani iliyonse muipatse mphindi 20. Yambani ndi kuithamangira mphindi ziwiri kapena zitatu, kuwerenga mutu ndi chiganizo choyamba cha ndime iliyonse, kuti mudziwe chimene chili pati. Kenaka pitani ku mafunso, n'kubwerera kukasaka yankho pamalo pake. Dziwani kuti funso silibwereza mawu a m'nkhani. Nkhani ikati "decline", funso likhoza kunena "fall". Ndiye musamasake liwu, muzisaka tanthauzo.

Mafunso amene amazunza anthu kwambiri ndi aja a True, False, Not Given. Ndipereke chitsanzo m'Chichewa. Nkhani ikuti: basi imanyamuka 7 koloko m'mawa tsiku lililonse kupatula Lamulungu. Funso likati basi imayenda Lamulungu, yankho ndi False, chifukwa nkhani yakana. Koma likati basi imadzaza m'mawa, yankho ndi Not Given. Tonse tikudziwa kuti basi ya m'mawa imadzaza, koma nkhaniyo sinanene. Zimene mukudziwa muzisiye panja, muyankhe zimene zalembedwa basi. Samalaninso ndi malangizo. Akati musapitirire mawu awiri, inu n'kulemba atatu, mwalakwa ngakhale yankho lili loona. Kalembedwe ka liwu kakalakwika, mwalakwanso. Koma musasiye funso losayankha, chifukwa sachotsa malikisi pa yankho lolakwika.

Zoyeserera sizifuna ndalama zambiri. Kulembetsa ku laibulale ya m'dera lanu ndi kwaulere, ndipo m'malaibulale ambiri muli mabuku a Cambridge okhala ndi mayeso oyeserera. Nyuzipepala ya Metro imapezeka yaulere m'mabasi ndi m'masiteshoni. Ine ndinkatenga nkhani imodzi, kuiwerenga wotchi ili patsogolo, kenaka n'kuifotokoza mokweza ndi mawu angaanga. Potero ndinkachita zonse ziwiri, kuwerenga ndi kuyankhula. Pophika ndinkatsegula BBC Radio 4 m'malo mwa nyimbo. Mphindi 30 tsiku lililonse zimaposa maola asanu a tsiku limodzi, makamaka kwa ife obwera ku shifiti titatopa. Patatha miyezi isanu ndi itatu ndinalembanso, ndipo kuwerenga ndinapeza 7.5, kuyankhula 7.

Kwa anamwino anzanga, dziwaninso kuti kuyambira mu 2017 NMC imalandiranso mayeso a OET, amene nkhani zake ndi za kuchipatala. Poyankhula mumachita sewero, inu namwino, winayo wodwala kapena m'bale wake. Ena amawaona opepukirapo chifukwa ndi zinthu zimene amachita tsiku ndi tsiku.

Sikuti aliyense akufunika IELTS yonse. Amene akubwera kudzakhala ndi mwamuna kapena mkazi wake anayamba kufunsidwa mlingo wa A1 mu 2010, ndipo mu 2013 boma linaika mlingo wa B1 kwa ofuna chilolezo chokhazikika kapena unzika, pamodzi ndi mayeso a Life in the UK a mafunso 24. Mayeso monga IELTS Life Skills ndi ena a Trinity College London amayesa kuyankhula ndi kumvetsera kokha. Koma malamulowa sakhazikika. Mu 2025 boma linalengeza zokweza milingo ya Chingerezi pa mavisa ena, choncho musanalipire onani pa tsamba la gov.uk mlingo umene ukufunika pa visa yanu, ndiponso ngati mayesowo ndi malo olembera ndi ovomerezeka ndi Home Office. Kumbukiraninso kuti zotsatira zambiri zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha. Safunsa anadya phula.

Ndisatseke osachenjeza. Pali anthu amene amayendayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook kunena kuti akhoza kukupezerani setifiketi osalemba, kapena kukupezerani wokulemberani. Mu 2014 pulogalamu ya BBC Panorama inaulula chinyengo pa mayeso a TOEIC, ndipo anthu masauzande ambiri analandidwa mavisa, ena mwa iwo akulumbira kuti sanabere. Ngati zinavuta kwa okana mlandu, kuli bwanji kwa wogwidwa ndi pepala labodza? Mungataye ntchito, visa, ndi tsogolo la ana, chifukwa cha mayeso amene mukanakhoza ndi miyezi yochepa yoyeserera.

Ndiye usiku uno mukamaliza kudya, tengani foni, ikani mphindi ziwiri, mufotokoze m'Chingerezi za mudzi wa kwanu. Mukamaliza mudzimvetsere. Mwina museka, mwina muchita manyazi ngati ine, koma mawa mudzachitenso. Ndipo inu amene munakhoza kale, musaumire, gwirani dzanja mnzanu mmodzi Lachitatu lililonse.