Oyilo Wolakwika Amapha Injini ya Dizilo Pang'onopang'ono

ULÓNGUÈ – Nyengo yokumba kachewere ikafika, magalimoto a dizilo sagona m'boma la Angónia. Malole ndi mapikapu amanyamuka m'bandakucha atasenza matumba, kutsikira ku Mussacama, Moatize mpaka mumzinda wa Tete, ulendo wa makilomita oposa 200. Ambiri mwa magalimoto amenewa anagulidwa ndi ndalama za kumunda, zosunga zaka zingapo. Koma chuma chonsecho chikhoza kuthera m'botolo la oyilo wogula m'mbali mwa msewu.

Nkhani yake imayamba motere. Dalaivala wasolola kandodo koyezera oyilo ndipo waona kuti oyilo watsika. Sitolo ya zipangizo ili kutali, katundu akudikira. Pamsika wina wandandalika mabotolo a madzi akumwa odzaza oyilo, opanda dzina, opanda chilembo, ndipo mtengo wake ndi wotsika. Dalaivala wathira, waliza injini, wapita. Galimoto yafika bwino ku Tete, yabwerakonso bwino. Apa ndi pamene anthu ambiri amanamizika, chifukwa oyilo wolakwika kawirikawiri saononga injini tsiku lomwelo. Amaidya mwakachetechete ngati nankafumbwe m'nkhokwe.

Dizilo si petulo

Injini ya petulo imayatsa mafuta ndi moto wa mapulagi. Ya dizilo imapanikiza mpweya mpaka utenthe kwambiri, ndipo dizilo akapoperedwamo amayaka yekha. Kupanikizaku kumaposa kwa injini ya petulo pafupifupi kawiri, choncho mapisitoni, maring'i ndi mabering'i amasenza mtolo wolemera.

Kuonjezera apo, dizilo akayaka amasiya mwaye wambiri. Mwaye wina umatuluka ndi utsi, koma wina umadutsa m'mbali mwa maring'i n'kulowa mu oyilo. Sulufule amene ali mu dizilo naye akakumana ndi nthunzi ya madzi amapanga asidi wodya zitsulo. N'chifukwa chake opanga oyilo wa dizilo amathiramo mankhwala ambiri: ena otsuka, ena ogwira mwaye kuti usaundane, ena opha mphamvu ya asidi.

Oyilo wopangira injini za petulo zokha ali ndi mankhwala amenewa ochepa. Akakhalitsa mu injini ya dizilo, mwaye umaundana n'kusanduka phala lakuda. Phalalo limatseka sefa ndi tinjira ta oyilo, maring'i amamatirira, mabering'i amauma. Galimoto imayamba kutulutsa utsi wabuluu, kumwa oyilo ndi kufooka pachitunda. Mapeto ake ndi aja amakaniko amati injini yanoka. Galimoto ya tebo imavulala msanga, pakuti tebo imazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi ndipo imadalira oyilo yemweyo.

Pali chikhulupiriro china chimene chimasocheretsa madalaivala. Ena akaona oyilo wada patangopita masiku ochepa amati wagulitsidwa wachinyengo. Mu injini ya dizilo, kuda msanga ndi chizindikiro chakuti oyilo wanyamula mwaye monga mwa ntchito yake. Maso paokha sangasiyanitse oyilo wabwino ndi woipa.

Chilembo cha C

Chosiyanitsa chenicheni chalembedwa pachigubu. Bungwe la ku America la American Petroleum Institute, lodziwika ndi zilembo za API, linagawa oyilo m'magulu awiri. Wa injini za petulo amayamba ndi chilembo cha S, monga SL kapena SN. Wa injini za dizilo amayamba ndi chilembo cha C. Gulu la CH-4 linatuluka mu 1998, CI-4 mu 2002, CJ-4 mu 2006 ndipo CK-4 mu 2016. Zigubu zambiri zimakhala ndi zilembo zonse ziwiri, monga CI-4/SL, kusonyeza kuti oyiloyo amakwanira mbali zonse. Chigubu chikhale cholembedwa m'Chipwitikizi kapena chochokera tsidya la Malawi cholembedwa m'Chingerezi, zilembo zimenezi sizisintha. Ngati palibe C, mwini galimoto ya dizilo asiye.

Manambala monga 15W-40 amanena za kulemera kwa oyilo. Nambala yoyamba ikusonyeza mmene amayendera kukazizira, yachiwiri mmene amakhalira injini ikatentha. Zimenezi n'zofunika kwa galimoto imene imadzuka m'chisanu cha mwezi wa Juni ku Dómuè kapena ku Tsangano, komanso imakagwira ntchito ku Tete kumene m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Oyilo wolemera kwambiri amachedwa kufika kumtunda kwa injini m'mawa, ndipo zitsulo zimakhulana zouma. Wopepuka kwambiri amasanduka ngati madzi injini ikapsa pachitunda. Malole ndi mapikapu ambiri akale amayendera 15W-40, koma mawu omaliza ali m'buku la galimotoyo.

Magalimoto atsopano ali ndi lamulo linanso. Ambiri ochokera ku Japan ndi ku Ulaya ali ndi sefa ya mwaye m'paipi ya utsi, yotchedwa DPF. Sefa imeneyi imafuna oyilo wosiya phulusa lochepa, monga wa chizindikiro cha DL-1 cha ku Japan kapena C3 cha ku Ulaya. Oyilo wa malole akale, ngakhale ndi wa dizilo, amaitseka ndi phulusa, ndipo kugula sefa ina ndi ndalama zambiri.

Za m'botolo lopanda dzina

Choopsa kwambiri ndi chakuti m'botolo lopanda chilembo mukhoza kukhala china chilichonse. Mukhoza kukhala oyilo wa giyabokosi wa nambala 90, amene alibe mankhwala otsuka injini ndipo ali ndi ena odya zitsulo zofewa za mabering'i kukatentha. Mukhoza kukhala oyilo wa 2T, amene anapangidwa kuti aziyaka pamodzi ndi petulo. Mukhozanso kukhala oyilo wakale wokhetsedwa m'galimoto ina n'kusefedwa pansalu. Nsalu imachotsa zinyalala zooneka, koma siibweza mankhwala amene anatha ntchito. Ngakhale wogulitsayo nthawi zina sadziwa chimene ali nacho, chifukwa naye anachita kugula.

Vutoli silikhudza magalimoto okha. Chigayo cha m'mudzi, thirakitala ndi pampu yothirira dimba, ngati zimayendera dizilo, zimafunanso oyilo wa chilembo cha C. Chigayo chikaima, amayi ndi amene amasenza chimanga mtunda wautali kukafuna china.

Wathira kale atani?

Amene wazindikira kuti walakwitsa asataye mtima. Ngati wangoonjezera lita imodzi ya oyilo wa petulo pangozi, galimoto ikhoza kufika pagalaja popanda kuithamangitsa, ndipo kumeneko akhetse oyilo yense ndi kusintha sefa. Ngati wathira wa giyabokosi, wa 2T kapena wosadziwika, ndi bwino kukhetsa pomwepo asanalize injini. Nyali yofiira ya oyilo ikayaka pamsewu, injini izimitsidwe nthawi yomweyo, chifukwa mphindi zochepa zimakwanira kupsereza mabering'i.

Mabuku a magalimoto ambiri akale a dizilo amalamula kusintha oyilo pa makilomita 5,000 aliwonse, ndipo m'misewu yafumbi si nzeru kupyola pamenepo. Mwini galimoto agule chigubu chotseka bwino, chidindo chake chisanadulidwe, ndipo asunge malita awiri kumbuyo kwa mpando kuti dalaivala asakakamizike kugula pamsika.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kuwerenga chigubu ndi kufunsa makaniko sikulipitsa. Koma lole ikaima pakati pa Mussacama ndi Moatize dzuwa lili pamutu, kachewere wa mabanja angapo amaolera m'matumba momwemo.