Kusunga Nsalu Yokumbukira Pakati pa Magalasi Awiri

Atsogoleri anzathu a makalasi a kwaca, m'nyumba zambiri kuno ku Fíngoè muli nsalu zomwe sitivala konse. Zina ndi makapulana amene anthu anabwera nao kucokera ku Ukwimi, ku Zambia, nkhondo itatha mu 1992. Zina ndi tinsalu topeta, pomwe mayi anasokapo dzina lake ndi ulusi atangophunzira kulemba. Nsalu zotere ndi mbiri yathu, koma njenjete ndi ciswe sizidziwa zimenezo.

Ambiri amaganiza zoika nsaluyo pakati pa magalasi awiri m'felemu, kuti izioneka kumaso ndi kumbuyo komwe. Nzeruyo njabwino ndithu, koma tisaipanikize ai. Galasi likazizira usiku limacita thukuta m'kati, makamaka m'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Malici. Nsalu yogundana nalo imamwa cinyezico, nicita cuku. Ulusi wopetera umaphwanyika, ndipo utoto umatha kumatirira pagalasi. Tsiku lotsegula, dzina lija latsalira pagalasi!

Nanga ticite bwanji? Poyamba tisase fumbi, nsalu iume bwino pamthunzi. Magalasi titsuke, agone usiku wonse kuti aumiretu. Kenaka tidule katoni yolimba ngati zenera, tiikute ndi nsalu yoyera yathonje yocapa kale. Nsalu yathu tiisokerere m'mphepete mwa zeneralo ndi ulusi wathonje, mosakoka. Guluu ndi selotepi zimasiya mawanga osacoka, mapini nao amacita dzimbiri, zonsezi tizipewe.

Tsono tipemphe kalipentala aike timatabwa topyapyala m'mphepete, kuti pakati pa nsalu ndi galasi lililonse patsale mpata wa mamilimita 3 mpaka 5, ngati timitengo tiwiri ta macisi. Mpatawo ndiwo moyo wa nsalu.

Tipacike pakhoma louma, losafika dzuwa kapena utsi wa kukhichini, pakuti dzuwa limasulutsa utoto ndipo subwereranso. Mvula ikatha tizitsegula caka ndi caka nkuona ngati mwalowa tizirombo.

Cotsiriza ndi nchito ya kalasi lanu. Ophunzira afunse mwini nsalu: anaipeta ndani, kuti, caka citi? Mayankho alembe okha ndi pensulo papepala, aliike m'munsi mwa felemu. Popanda pepalalo, adzukulu adzangoona nsalu yakale basi.