Cifukwa cake mayunitsi a malaiti amacepa pogula kaciwiri

Ambiri amadabwa kuti K100 imagula mayunitsi ambiri kuciyambi kwa mwezi, koma pogula kaciwiri amacepa. Mita siinaonongeke ai. ZESCO imagulitsa malaiti a panyumba m'magawo: mayunitsi oyamba pa mwezi ndi otsika mtengo, ndipo mukapitirira gawo limenelo mtengo umakwera. Mwezi watsopano ukayamba, kuwerenga kumayambanso.

Conco kugula mayunitsi a miyezi iwiri nthawi imodzi kumangokudyerani ndalama. Gulani okwanira mwezi umenewo. Mabanja angapo ogwiritsa nchito mita imodzi, monga zilili m'makomboni ambiri, amafika msanga pa mtengo wokwera.

Mitengoyi imavomerezedwa ndi Energy Regulation Board ndipo imasintha. Musanagule, yang'anani magawo ndi mitengo yake pa intaneti, pa tsamba la ERB kapena la ZESCO.